Lipenga la Jasper ndi Ululu wa Kunkhongo

Jasper wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, kalipentala wochokera ku Nkhata Bay, ankati akangouzira lipenga, mutu unkamuwaza kunkhongo ngati wina wamukhoma ndi hamala. Ankagwada pakati pa bwalo manja ali m'khosi, anzake a gule wa malipenga n'kumamulambalala. Pakapita kamphindi ululu unkazilala, iye n'kudzuka akuseka mwamanyazi.

Mkazi wake Keziya sankaseka nawo. Anali wa ku Ntcheu, za malipenga sankazidziwa, koma ankadziwa kuti lipengalo, lomwe linali la chikho, analikonza ndi Hudson, mnzake wa Jasper yemwe ankalimbirana naye malo otsogolera gulu. Tsiku lina Keziya analisuzumira, ndipo kumapeto kwake anapeza kanthu koyera, kopyapyala, komatidwa mwaluso. Anathamangira nalo kwa Marjorie, mnzake wogulitsa naye tomato pamsika.

"Ichi n'cha kangaude, mama," anatero Marjorie. "Kangaude amakola ntchentche, Hudson uyu akukola mutu wa amuna anu. Munthu woipa chomene."

"Ndikamukhuthulira madzi otentha."

"Chilonda cha madzi chimapola. Masiku ano wanzeru samenya munthu ndi dzanja lake. Kodi si Hudson yemwe uja mkulu wake anathawira ku Tanzania?"

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene mawu ochepa m'khutu loyenera ankachotsa munthu pakhomo. Keziya anamanga chitenje, napita kwa wapampando wa chipani m'deralo. Anamuuza kuti Hudson akaledzera amanyoza boma, ndiponso amalandira alendo a kwa mkulu wake. Posakhalitsa galimoto inaima pakhomo pa Hudson n'kumutenga. Keziya anaonerera mkazi wa Hudson, Winifred, akuthamangira galimotoyo juzi ya mwamuna wake ili m'manja, ndipo mtima wake unati myaa. Lipenga analiponya pamoto. "Ukalawe nawe," anatero chamumtima.

Koma mutu sunakwere nawo galimoto ija. Utuchi ukamuyetsemulitsa Jasper, ululu uja. Kuzizira kwa Mzuzu kukamupatsa chifuwa, akatsokomola, ululu uja. Ngakhale kuseka kumene kunasanduka mlandu. Zala zinayamba kuchita dzanzi, hamala n'kumamupulumuka.

"Ndiye kuti watsala mkazi wake," anatero Marjorie. Keziya anayamba kumuyang'ana Winifred ndi diso lomwe lija, akusinkha bodza loti limukwane.

Bodzalo lisanapse, Jasper anachita chizungulire akunyamula matabwa, nagwa n'kuvulala. Keziya atapita naye kuchipatala, anawalandira namwino wachikulire, Sisita Martha, yemwe atatsuka bala sanawalole kupita msanga.

"Adada, mutuwu umapweteka pati?"

"Kunkhongo kuno, kutsikira m'khosi."

"Umayamba mukatani?"

"Akauzira lipenga la mankhwala," Keziya analowerera. "Ndinapezamo za kangaude ndi maso angawa."

Jasper anatembenuka modabwa. "Amayi, lipenga lililonse limakhala ndi kameneko. Timakatola pakhoma. Popanda iko chikho sichilira." Anafuna kuseka, koma anagwira khosi.

"Mwaona?" anatero namwino. "Pano palibe lipenga. Nanga mukatsokomola, mukawerama, mukadzikakamiza kuchimbudzi?"

"Chimodzimodzi, sisita. Zinayamba kale kwathu, ndikamakoka khoka, lipenga ndisanaligwirepo. Pano zangokula."

Namwino anakunga chibakera, nachikhazika pakamwa pa kapu. "Pansi pa chibade pali bowo pomwe ubongo umalumikizana ndi msana. Anthu ena amabadwa malo a kunkhongo ali opanikizika, mwakuti kachigawo kapansi ka ubongo kamatsikira pabowopo ngati chotsekera botolo. Madzi ozungulira ubongo amavutika kudutsa. Munthu akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri, akauzira kapena kunyamula cholemera, mphamvu imakwera m'mutu, ululu n'kubwera nthawi yomweyo. Ine ndikungokayikira. Adokotala akuonani, ndipo mwina akutumizani ku Blantyre kuti akakuunikeni. Ena amangosamala, ena amafunika opaleshoni. Pakadali pano lipenga lekani, zolemera anyamule ena, chifuwa musachilekerere, ndipo idyani masamba ndi zipatso kuti musadzimbidwe. Mukayamba kutsamwa pomeza kapena kudzandira, musachedwe kunyumba."

"Yewo, sisita," anatero Jasper.

Keziya anatembenukira kwa namwino. "Ndiye palibe munthu amene anachita zimenezi?"

"Palibe, mama. Anabadwa nazo."

Tsiku lomwelo Keziya anapita kwa wapampando, nagwada, nati mwina sanamve bwino zija ananena. Wapampando anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mukuti munanamiza boma, amama? Nenani momveka. Kumene kuli Hudson malo alipo."

Keziya anaganiza za ana ake, nadzuka n'kubwerera kunyumba.

Jasper anapita ku Blantyre, anabwerako ndi malangizo, ndipo anayamba kukhoma timipando tating'ono atakhala pansi. Ululu unachepa. Winifred anagulitsa makina ake osokera, ana ake anasiya sukulu. Keziya akamusiyira tomato pakhonde, ankamupeza atatayidwa mumsewu.

Mvula inagwa n'kuleka, inagwanso n'kuleka. Kenaka Hudson anabwera, wowonda ngati bango, mano akutsogolo palibe. Jasper, yemwe sankadziwa amene anamupereka mnzakeyo, anathamanga kukamukumbatira. Chimwemwe chinamutsokomoletsa, ndipo anagwira kunkhongo, maso ali tsinzinu.

Hudson sanayang'ane Jasper. Anayang'ana Keziya, yemwe anaima pakhomo.

"Monire, mlamu," anatero mofatsa. "Mutu uja ukumupwetekabe? Inetu kunalibe nthawi yonseyi."

Phunziro: Mutu wopweteka kunkhongo pamene munthu watsokomola, wayetsemula, waseka, wawerama kapena wanyamula cholemera ungachokere ku mmene pansi pa chibade panapangikira chibadwire. Onetsetsani chimene chimauyambitsa, mukafotokoze kuchipatala. Musafunefune munthu woti mumubwezere, pakuti bodza likatuluka pakamwa silimva kuitana.