Ndinawabereka a Dzoole Kumsana

Ndinalota tili pabwalo la ndege, ine ndi amuna anga a Dzoole, tikupita ku Durban kukakwera sitima ya pamadzi. Mwana wathu Ndaziona ndi namwino m'sitimamo, ndipo ndiye anatipezera malo, ati tikayende panyanja yamchere, tipumeko muukalamba wathu. Anatigulira matikiti a ndege, natigulira ndi inshuwalansi ya paulendo, yoti ndege ikachedwa kapena munthu akadwala panjira, a kampaniyo athandize. Chimene anatichenjeza mobwerezabwereza n'chakuti sitima sidikira munthu. Iye ankafuna tipite kudakali nthawi, tikagone ku Durban konko, koma a Dzoole anakana, nati ali ndi msonkhano m'tauni umene sangajombe. Motero tinanyamuka tsiku lomwelo limene sitima inkanyamuka.

Zonsezi m'malotomo ndinkazidziwa bwinobwino, monga ndimazidziwira ndili maso.

Pamalo poperekera katundu panalibe munthu. Panali sikelo yokha, ndipo sikeloyo inatipatsa moni. Ndinaikapo sutikesi yanga, inati zili bwino. A Dzoole anaikapo yawo, inati zili bwino, kenaka inapempha mwaulemu kuti eni ake akwerepo nawonso. A Dzoole anavula chipewa n'kukwerapo. Sikelo inawayeza.

"Bambo awa apepuka," inatero. "Mayi, kodi kunyumba simunaone?"

Ndinayankha kuti amuna anga ngochepa thupi chibadwire, ngakhale pa ukwati wathu suti inkawakhwepa. Sikelo sinatsutse. Inangotifunira ulendo wabwino, masutikesi n'kumira pansi pang'onopang'ono ngati miyala m'thope.

Tinalowa m'chipinda chodikirira. Nditasuzumira pazenera ndinaona ndege yathu itagona pa udzu, itapinda maondo ngati ng'ombe, ikubzikula. Amuna ovala majekete achikasu ankaikankha, wina akuinyengerera ndi madeya m'beseni, koma iyo inkangophethira. Chimkuzamawu chinalengeza kuti ndege yachedwa chifukwa kumwamba sanatsegule, amene amasunga kiyi wapita kumaliro. Chinapepesa kwambiri.

Ine ndekha ndiye ndinadzidzimuka. Anthu ena anangogwedeza mitu. Mayi wina anazula matayilosi pafupi ndi khoma n'kufesa mpiru, ndipo pamene chimkuzamawu chinkapepesa kachiwiri, anali akuthyola kale ndiwozo n'kumagawira anzake. Bambo amene anakhala moyang'anana nafe analowa ndevu zili bii, koma ndikumuyang'anabe zinasanduka mbuu, iye n'kumafunsa anthu ngati akudziwa kumene ankapita. Dzuwa linaima pamalo amodzi. Komabe ndinkadziwa kuti ku Durban nthawi ikuthamanga.

A Dzoole anakhala phee, dzanja lamanja atalilowetsa m'jekete. Zimenezi zinandidabwitsa kuposa ndege yogona ija, chifukwa amuna anga ndi munthu wokangana ndi kondakitala pa nkhani ya zenera la minibasi. Ndinawafunsa ngati sapita kukafunsa akuluakulu a pabwalopo. Anati kufunsa sikudzutsa ng'ombe.

Foni yanga inalira. Nditaitulutsa m'chikwama inali ikudontha madzi, ndipo madziwo atandigwera pamlomo ndinamva mchere. Anali Ndaziona. Anati anthu onse alowa kale m'sitima, akumasula zingwe, ndipo anzake akumufunsa kuti makolo aja ali kuti. Ndinamuuza kuti ndege yagona. Anati ndisataye nthawi, ndipite kwa a inshuwalansi, ntchito yawo ndi yomweyo. Ndisanafunse kuti ndiwapeza kuti, foni inadzaza madzi, mawu ake n'kumira.

Khomo la a inshuwalansi linali pakati pa chimbudzi ndi kogulitsa tiyi. Ndinawatenga a Dzoole, ndinagogoda, ndinatsegula, ndipo tinapezeka tili pa mtsinje wa Linthipe, padooko pomwe tinkachapira zovala tili atsikana. Madzi ankayenda monga mwa masiku onse. Pa thanthwe la pakati pa mtsinje panali desiki, ndipo kuseli kwa desikiyo kunakhala achemwali anga a Esinati, amene anamwalira kalekale, amene ndinawasambitsa ndekha ndi manja awa. Anavala jekete yabuluu ya kuofesi, kumutu duku lomwe tinawaika nalo m'manda.

Ndinafuna kulira, ndinafuna kuwathamangira, koma iwo anandiyang'ana monga kalaliki ayang'anira munthu aliyense.

"Ndinapeza ntchito kuno," anatero. "Fikani pafupi, mayi, fotokozani vuto lanu."

Tinavula nsapato n'kuwoloka, madzi akulekeza m'maondo. Ndinafotokoza zonse, za mwana, za sitima, za ndege yobzikula. Anamvetsera osandidula mawu. Atamva anati kuchedwa kwa ndege si mlandu wathu, ndipo kampani itiperekeza mpaka pakhomo pa sitima, pakuti zimenezo mwana wathu analipirira. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kuthokoza.

"Koma titenga mmodzi," anatero a Esinati.

Ndinawakumbutsa kuti tilipo awiri, ndipo Ndaziona anagulira tonse. Anavomera kuti anaguliradi tonse. Koma anati lamulo la kampani n'lakuti matenda amene munthu anali nawo kale, asanagule inshuwalansi, saalandira, ndipo munthu wa matendawo samunyamula. Ndinaseka. Ndinati pakhomo pathu palibe wodwala, kupatula nyamakazi yanga ya nthawi yozizira. A Esinati sanaseke nawo. Anatembenukira kwa amuna anga.

"Alamu, muwaonetse."

A Dzoole anavula jekete naipinda bwinobwino, naiika pa desiki. Anamasula mabatani a malaya kuyambira pakhosi. Pansi pa nthiti za kumanja panali kazenera kagalasi, koyera ngati galasi la nyali yongopukuta kumene. M'katimo munali chinthu chonga njere ya mango. Chinali chitaphuka mizu yoyera, ndipo mizuyo inakulunga chiwindi n'kulowera kumsana. Chinkapuma pachokha, mosiyana ndi kapumidwe ka eni thupi. Iwo akakoka mpweya, icho chinkautulutsa.

A Dzoole anati msonkhano wa m'tauni uja unali wa iwo ndi dokotala, ndipo sunali woyamba.

Ndinaima m'madzimo n'kumangoyang'ana kazenerako. Ndinakumbukira zibowo zatsopano zimene anaboola pa lamba ndi msomali, ndinakumbukira galu wathu mmene wanenepera chaka chino pamene ine sindinawonjezere chakudya chake. Zaka zonsezi chofunda chimodzi, ine osadziwa kuti m'thupi mwa mwamuna wanga mukumera mtengo. Madzi a Linthipe anali ozizira koma thukuta linkanditsika kumsana.

A Esinati analoza kuseli kwawo. Bango linapatuka, ndipo pakati pake panaima chitseko chopanda khoma. Chinali chotsegula pang'ono. Kupyola pamenepo ndinaona doko la ku Durban, ndi sitima yoyera yaitali kuposa phiri la Dedza, ndi ulalo wachitsulo wokwerera m'sitimamo.

"Uwoloke wekha, mng'ono wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Alamu atsala ndi ine. Ndiwakonzera malo. Kuno munthu sachedwa kuzolowera."

A Dzoole anali atayamba kale kumanga mabatani. Anati ndipite, mwana asachite manyazi pakati pa anzake, iwo akhala pathanthwepa aziothera dzuwa. Anayankhula mofatsa ngati akundituma kumsika. Ndinaona kuti pambali pa desiki pabwera mpando wachiwiri umene poyamba panalibe, ndipo pampandopo panapachikidwa jekete yabuluu ya saizi yawo.

Ndinamasula chitenje m'chiuno, ndinawerama, n'kuwauza kuti akwere. Anamvera ngati mwana. Ndinawabereka kumsana, ndipo mawu a sikelo aja anali oona, anali opepuka kuposa mmene Ndaziona ankalemerera ali wakhanda.

A Esinati anati zimene ndikuchitazo kampani sizikuikhudza, ndipo chikachitika panjira ndisadzabwere kudzadandaula. Atatero anadzuka, nazungulira desiki, nakoka chitenje kuti chiwagwire bwino a Dzoole, nandimangitsa mfundo pachifuwa monga ankachitira ndili ndi mwana woyamba. Manja awo anali ofunda. Anandinong'oneza kukhutu.

"Uziwayankhulitsa njira yonse. Akasiya kuyankha, usaime."

Ndinadutsa pachitseko chija n'kuponda ulalo. Pansi pake nyanja inkawinduka, yobiriwira, yopanda tsidya. Sitima inaliza lipenga lake mpaka mano anga anagwedezeka. Pamwamba penipeni, pakhomo, ndinaona kadontho koyera ndipo ndinadziwa kuti ndi Ndaziona m'yunifolomu yake.

Ndinayamba kukwera, ndipo ndinayamba kufunsa. Ndinawafunsa ngati anatseka khola la nkhuku. Anati anatseka. Ndinawafunsa dzina la mphunzitsi amene anawamenya chifukwa cha ine tili ku pulayimale, analitchula, naseka pang'ono pakhosi panga. Ndinawafunsa mtundu wa diresi imene ndinavala tsiku la chinkhoswe. Anati yapinki, pamene inali yachikasu, koma sindinawakonze. Ulalo unkatalika ndikamayenda. Mawu awo ankachepa, poyamba ngati munthu ali m'chipinda china, kenaka ngati wailesi ya kwa aneba. Ndinawafunsa za mitengo ya mapeyala imene anabzala kumudzi, za nyimbo imene amaikonda kutchalitchi, za mng'ono wawo wa ku Kasungu. Ankayankha, mawu amodziamodzi.

Ndiye mafunso anandithera. Munthu amene ndakhala naye moyo wanga wonse, ndinasowa chomufunsa. Linatsala limodzi lokha, ndipo ndinalifunsa.

"Bambo a Ndaziona, bwanji simunandiuze?"

Kumsana kunali zii.

Sindinaime. Chitsulo cha ulalo chinkanditentha kumapazi, koma ndinakwerabe monga anandiuzira achemwali. Kumbuyo kwanga ndinkamva ulalo ukugwera m'nyanja chidutswa ndi chidutswa. Ndinafika pakhomo pa sitima. Ndaziona anatambasula manja kuti andilandire, koma asanandigwire anayang'ana paphewa panga, nayang'ana mbali inayo.

"Amayi, ababa ali kuti?"

Ndinati ali kumsana kuno, sukuwaona kodi. Mfundo ya pachifuwa inali yolimba, chitenje chinali chofunda, chotukumuka monga chimakhalira mukakhala munthu. Ndinapisa dzanja kumbuyo kuti ndiwagwire phazi. Ndinafufuza kumanja, ndinafufuza kumanzere. Dzanja langa linkangoyenda m'nsalu, ndipo nsaluyo inalibe mathero.

Ndinadzuka dzanja lili kumbuyo, nditagwira chitsulo cha mpando. Tinali pabwalo la ndege penipeni, masana, dzuwa likuwala pa matayilosi. Ndege yathu inali itachedwadi, ndipo tulo tinandiba tikudikira. Pazenera ndege inaima pa mateyala ake, anthu akulowetsamo katundu. A Dzoole anali pambali panga akuwerenga nyuzipepala.

Ndinawayang'ana monga sindinawayang'anepo chaka chonsecho. Kolala ya malaya inali itatalikirana ndi khosi, moti zala ziwiri zikanalowa. Wotchi inali itatsetserekera pafupi ndi chigongono. M'maso mwawo, moyera muja, munali chikasu.

"A dokotala anati chiyani?" ndinafunsa.

Sanandiyang'ane. Anapinda nyuzipepala pakati, naipindanso, naisalaza pabondo ndi chikhatho.

"Wakuuza ndani, Nangozo? Ndaziona?"

Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ndi zoona, ndiponso kuti mwana wanga ankadziwa, ndipo ulendo wonsewu anaukonza akudziwa. Iwo anandifotokozera motsitsa mawu, maso ali pa nsapato. Anati ndi chiwindi. Anati madokotala ayesa zimene akanatha, ndipo chatsala ndi mankhwala ochepetsa ululu. Anati anamuletsa mwana kundiuza, chifukwa amandidziwa, ndikanamasula masutikesi n'kuwagoneka pabedi ndi phala, ndipo tikanatha masiku otsalawo tikuyang'anana m'chipinda.

"Ndimati ndikuuze tikaona nyanja," anatero.

Anthu ankadutsa ndi zikwama zawo. Mwana wina ankalira chapatali. Ine ndinakhala chowuma, manja ali pamiyendo, ndikumva ngati mpando ukuyandama. Ndinafuna kuwakalipira, ndinafuna kuwagwira ndi manja onse awiri pamaso pa anthu, koma sindinachite chilichonse mwa ziwirizi.

Chimkuzamawu chinaitana a ulendo wathu. Chinati tifulumire, ndipo amene akasinthe ndege panjira kupita ku Durban akaipeza ndithu ndege yawoyo. Anthu anaimirira n'kuyamba kundanda pakhomo. A Dzoole sanadzuke. Anandiyang'ana tsopano, koyamba, ndipo anafunsa ngati ndikufuna tibwerere kunyumba. Anati ndikanena kuti tibwerere, sakana.

Ndinapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Nyamukani, mwana akudikira," ndinatero.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira mpando, nakonza chipewa. Pakhomo anaima kuti ndidutse, monga amachitira nthawi zonse. Ndinakana. Ndinawauza kuti atsogole, ine ndibwera pambuyo, kuti ndiziwaona akuyenda.