Mchere wa Pansi pa Ndowa

"Thiranso," anatero achimwene anga Amiri, dzira lili gone pansi pa ndowa.

Ndinathira mchere wamibulu dzanja lina. Dzira silinasunthe.

"Thiranso, iwe Sharifa. Ukuumira ngati ndi wa m'khitchini mwako?"

Unalidi wa m'khitchini mwanga, koma ndinathiranso.

Nkhani inali ya munda wa amayi wa kudambo, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Achimwene ankafuna kubzalamo nzimbe. Amayi, a Mwanahalima, ankafuna mpunga wawo wonunkhira uja, mbewu imene sinachokepo m'banja mwathu chiyambire. Chaka chimenecho madzi osefukira anangotisiyira dengu limodzi la mbewuyo. Achimwene ankati mbewuyo ndi mankhusu okhaokha, amayi ankati ndi yamoyo. Atatopa kukangana anagwirizana kuti aiyese monga amaphunzitsira alangizi: kusungunula mchere m'madzi mpaka dzira litangotulutsa kamsana, kenaka kuthiramo mbewu. Yabwino imamira, yopanda kanthu imayandama. Ikamira, munda ukhala wa mpunga. Ikayandama, nzimbe.

Achimwene anga ndi munthu wa phuma, ngakhale tiyi amamwa shuga ali pansi pa kapu. Madzi anali ozizira, otunga m'mawa, ndipo zotakasa sanaziganize n'komwe. Ankangoyang'ana dzira n'kumalamula mchere, mpaka paketi yonse inatha. Muwazini ataitanira anthu ku swala ya Ijumaa, achimwene anasiya ndowa padzuwa n'kuthamangira kumzikiti, ine n'kupita kukachapa.

Pobwera tinapeza dzira lili pamwamba, litagona cham'mbali ngati bwato lopanda katundu.

"Eya! Tsopano ndiye zatheka," anatero achimwene, n'kukhuthuliramo dengu lonse.

Mbewu inayandama. Pafupifupi yonse. Anaikankhira pansi ndi dzanja, iyo n'kubwerera.

Amayi anatola kambewu kamodzi n'kuluma.

"Amiri, mwanawe, muli mpunga umu."

"Amayi, mano si sikelo. Mwaona nokha ndi maso anu."

Amayi si munthu wobweza mawu, ndipo anali atalonjeza pamaso pa amalume.

"Chabwino," anatero. "Bzala nzimbe zakozo."

Madzulo omwewo achimwene anapita kukauza anthu a thirakitala. Mbewu inagona m'ndowa momwemo, poti chinthu chakufa ndani amachitsuka? Kutacha amayi anaivuula n'kuiyanika pamphasa, ati asinjeko za abakha.

Ine ndinkafuna ndowa yanga. Tsiku lachiwiri ndinakataya madzi aja kuseri kwa bafa, ndipo atatha ndinaona pansi pali mbee, mchere wosasungunuka, wokwana kudzaza manja awiri. Ndinaima nayo ndowayo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma ndinakumbuka aphunzitsi athu a sayansi akutakasa mchere m'galasi mpaka madzi kukana. Ankati madzi ali ndi pokhutira, akakhuta salandiranso, wotsalawo umangokhala pansi. Athu aja anali atakhuta mpaka pakhosi. Mchere tinkathira m'mawa uja unasungunuka pang'onopang'ono ife titachoka, ndipo m'madzi olemera chotero ngakhale mbewu yabwino imayandama. Dzira lija linatiuza, ife osamva. Linayenera kungotulutsa kamsana, osati kugona pamwamba.

Mtima unandipweteka, sindinama. Ndinathamangira kwa amayi ndowa ili m'manja.

Ndinawapeza akupeta. Mtondo unali pambali, munsi atautsamiritsa kukhoma. M'lichero munali mpunga woyera, wathunthu, wautaliutali.

"Amayi, taonani mchere uwu! Mbewu ija inali yabwino!"

"Ndamva kale ndi munsi," anatero osadzutsa mutu. "Mankhusu salira choncho."

"Nanga bwanji simunasiye kusinja?"

"Mbewu yogona mumchere usiku wonse, n'kuumira padzuwa osatsuka, unaiona itamera kuti? Kanditengere nkhuni."

Ndinakatenga nkhuni. Kudambo thirakitala inali itayamba kale kulira.

Amayi anautsuka mpunga uja kawiri, n'kuphika wonse mumphika waukulu wa pa Idi, osathira mchere. Fungo lake linafika mpaka kumsewu, moti a Lenia oyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabwera alendo. Amayi anati ayi, ndi chakudya cha mwana wawo.

Achimwene anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, akusimba za mizere ya nzimbe. Amayi eni ake anawapatsa madzi osamba m'manja, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire achimwenewo, n'kuwaikira mbale yodzaza. Ndowa ija anali ataiika pafupi ndi mkeka, mchere uli poyera.

Achimwene anatapa kamodzi, n'kutafuna.

"Koma ndiye kununkhira! Mwautenga kuti? Kungoti mchere mwaonjeza."

"Sindinathire," anatero amayi.

Achimwene anayang'ana mbale. Anayang'ana m'ndowa. Dzanja linaima m'malere, mpunga ukuyoyokera pamkeka.

Amayi anakankhira mbale ija pafupi nawo.

"Idya, mwanangu. Ndi mankhusu okhaokha."