Udzu wa m'Chigafa cha Fanuel

Fanuel ndi Hilario anali akamwini a mudzi umodzi kufupi ndi Namitete, ndipo adakwatira pachibale: Fanuel kwa Edina, Hilario kwa mng'ono wake Nelia. Ndiye pamudzipo panali dimba, eee, dimba lake! La m'mphepete mwa dambo, losauma ngakhale mu Okutobala. A Jonas, atsibweni a akaziwo, adalengeza mu 1955 kuti adzalipereka kwa mkamwini amene aonetse kuti angalipindulire.

Fanuel adangoseka. Zaka zisanu ndi zinayi akulima fodya wa chikopa pamudzipo, nanga Hilario n'ndani? Kamunthu kadzulodzulo, kamene kankathirira maluwa kwa mzungu ku Lilongwe. Chuma chonse chimene kadabwera nacho ndi ziputu za udzu m'chisaka. Udzu, abale! Kadaudzala kuseri kwa nyumba pamodzi ndi adyo, n'kumauthirira ngati mwana wodwala.

Koma udzuwo unkanunkhira ngati ndimu. Azimayi adayamba kuugula kuti aziwiritsira ana achimfine. Mmwenye wa sitolo pa Namitete adati timitolo touma tizibwera Loweruka lililonse, poti kwawo amathira mu tiyi. Chaka chisanathe Hilario adagula njinga, Nelia n'kumakhala pakaliyala atavala duku yatsopano.

Belu la njingayo likalira, Fanuel nkhope inkangoti bii. Nsanje, inu, inkamudya osamusiya. Choipitsitsa n'chakuti Hilario analibe mwano. Ankatsika panjinga n'kupereka moni mwaulemu: "Mwaswera bwanji achimwene?" Bola akadakhala wamatama, munthu ukadapeza pomudera.

"Bwanji osakawafunsa bambo a kwa Nelia mmene amachitira?" adatero Edina tsiku lina.

"Ine? Kukafunsa kwa wothirira maluwa? Iwe, usandiyambe!"

Sadafunse. Adadikira tsiku la Mulungu, banja la Hilario lili ku tchalitchi, n'kukazula ziputu zingapo. Adakazidzala kumunda kwake, pakati pa fodya, pobisika. Udzu sudziwa kuti wabedwa: mvula itabwera udangoti fwaa, kuposa wa mwiniwake. Fanuel adachita kuzula mizere ina ya fodya kuti auchulukitse.

Tsono pofika poumitsa. Hilario ankayanika wake pamphasa, pamthunzi, n'kumautembenuza. Fanuel adaziona zimenezo, koma adati ndi ulesi ndi umbuli basi. Tsamba la malonda amaumitsa choncho? Tsamba limafuna utsi kuti likhwime, aliyense wolima chikopa akudziwa. Adaumanga udzuwo m'timanja ngati fodya, kuupachika m'chigafa, n'kusonkha pansi pake nkhuni zaziwisi. Masiku asanu ndi limodzi akuufukiza, maso ali psuu, mtima uli mbee.

Kenaka adaitana a Jonas kuti adzaone okha. Adaitananso Hilario, dala, kuti amve kuwawa. Anthu adadzaza pabwalo. Edina adawiritsa madzi, Fanuel n'kuponyamo kadzanja kamodzi, kofiirira bwino ngati fodya wa giredi yoyamba.

A Jonas adapsontha kamodzi. Adatsokomola mpaka misozi, n'kulavulira kumbali.

"Akamwini, kodi mwandiphikira mwaye wa kudenga?"

Azimayi adabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Hilario adatola kadzanja kena, kununkhiza, n'kupukusa mutu. Sadaseke, ndipo za ziputu zobedwa sadatchule n'komwe, ngakhale ankadziwa.

"Achimwene, udzu umenewu mudaulima bwino kuposa ine," adatero. "Koma chimene anthu amagula ndi fungo. Utsi walipha."

"Wonse?" Mawu a Fanuel adatuluka aang'ono.

"Wonse."

A Jonas adadzuka, kusasa fumbi kumbuyo. "Basi, nkhani ya dimba yatha. Hilario, uyambe kulambula mawa."

Anthu atabalalika, Fanuel adakhala pakhomo pa chigafa. Fodya adazula yekha, dimba lapita, ndipo munthu amene walitenga wamuyamikira pamaso pa mudzi wonse. Edina adabwera, kugwada chapatali, maso ali pansi.

"Bambo, mawa ndilawirira kudimba kukathandiza Nelia."

"Dimba la yani?"

"La bambo a kwa Nelia. Akuti inunso mubwere, akupatsani mizere iwiri ya kumapeto."