Mawu a pa Mwala wa Wometa

"Vesi ilembedwa basi," anatero mwana wamkazi wa malemu, yemwe anali namwino, akukulunga malumo m'nyuzipepala. "Wosema mwala akufuna mawu lero. Bambo anga sangagone pansi pa mwala wouma ngati munthu wopanda kwawo."

Mchimwene wake, mphunzitsi, anali atakwera pa benchi akumasula galasi lalikulu pakhoma. Sanacheuke n'komwe.

"Ukufuna kuwanamizira ali m'manda? Munthu amene moyo wake wonse ankafunsa kuti Baibulo analemba ndani, analemba liti, anaona ndi maso kapena anangomva?"

Mayi awo ankasesa. Maliro anali atatha, alendo atabalalika, ndipo atatuwo anabwera kudzatseka kachipinda kamene malemu ankametera anthu. Tsitsi la makasitomala omaliza linali likadali m'mphepete mwa khoma, lakuda ndi la imvi pamodzi.

"Anatembenuka mtima," anatero namwino. "Kuchipatala kuja ine nditapemphera, iwo anati ameni. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Pamene unkapemphera anali atagona kale tulo. Mawu awo omaliza anauza ine, kuti nditsegule zenera."

"Zenera linali lotsegula, achimwene!"

"Amayi, nenani inu. Munalipo."

"Ine ndinkawasisita mapazi, anali atazizira," anatero mayiwo. "Zinazo sindinamve. Tukula mwendo ndisese."

Pakhomo panamveka kachifuwa. Anali mkulu wa mpingo, nkhalamba ya ndodo ndi chipewa, amene anayamba kumetetsa m'chipindamo anawo asanabadwe. Iye ndi malemu anakalambitsana akukangana. Makina ankaima mutu uli theka, wometa n'kuyamba: alembi anayi a Uthenga Wabwino, koma wina akuti kumanda kunali mngelo mmodzi, wina akuti awiri, nanga nkhani yolembedwa patapita zaka zambiri, singasinthe m'kamwa mwa anthu? Mkuluyo, nsalu ili m'khosi, ankayankha kuti mboni zinayi zikanena zofanana mawu ndi mawu, ndiye kuti zinapangana kuseri. Odikira pa benchi ankagawikana, ena uku ena uku. Ena ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe, kudzangomvera.

"Ndamva zonse ndili panja," anatero mkuluyo, n'kukhala pa mpando wometera osafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu atatu, chipinda chimodzi, dothi la pamanda lisanaume, nkhani zili zitatu. Akanakhala pano mnzangayo akanandiloza ndi chipeso, amvekere: mwaona, a mkulu? Ine n'kuti: inde ndaona, koma zoti munthu wamwalira, ndani mwa atatuwa akukana?"

Mphunzitsi anamwetulira. Mlongo wake sanaseke. Anaika malumo pansi.

"Ndiye inu mukuti anapita kuti, bambo anga?"

Mkuluyo anayang'ana ndodo yake.

"Sindikudziwa, mwanangu, ndisakunamize. Chimene ndikudziwa n'chakuti mumpingo mwathu monse palibe amene analiwerenga bukulo ngati iwo. Ine ndinkathamangira kunyumba kukatsegula langa poopa manyazi. Theka la zimene ndimalalikira ndinaziphunzira pothawa mafunso a pa mpando uno."

"Ndiye vesi ilembedwe."

"Kapena isalembedwe," anatero mphunzitsi.

Mayiwo anatsamiritsa tsache pakhoma.

"Mwandisokosera mokwanira. Pamwala palembedwa dzina lawo, ndi zoti anali wometa. Zimenezo tonse tinaziona. Iwe, ameni wakoyo sunga, ndi wako, palibe akukulanda, ndipo kaya anamunenadi. Iwenso sunga zenera lako. Koma mwala si malo opambanirapo mlandu. Imba foni."

Namwino anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anatulutsa foni, n'kupita panja. Anamumva akutchula dzina la bambo ake pang'onopang'ono, kenako mawu amodzi aja, wometa. Sanawonjezere kanthu.

Mkuluyo anavula chipewa kuti apukute thukuta. Tsitsi linali litakula mpaka kuphimba makutu, loyera ngati thonje.

"Abale, mutu wake umenewu?" anatero mayiwo.

"Chigonekereni iwo m'chipatala, sindinapite kwina. Kwinako amangometa, ali duu."

Mayiwo anayang'ana mwana wawo wamwamuna. "Galasilo libwezere kaye."

Mayiwo anakutumula nsalu kawiri, n'kuimanga m'khosi mwa nkhalambayo, n'kulowetsa chala kuti aone ngati yathina. Anamasula nyuzipepala ija, n'kusankha lumo la chogwirira chakuda. Anadula pang'ono pamwamba pa khutu, kenako anaima, lumo lili m'mwamba, dzanja lina m'chiuno.

"Ndiye tandiuzani, a mkulu," anatero. "Ambuye wanuyo popemphera m'munda muja usiku umene anagwidwa, anzake onse anali mtulo. Nanga mawu akewo anamva ndani?"

Nkhalambayo inatsinzina, n'kukhazikika bwino pa mpando.