Msuku wa Mphanda Ziwiri

Munda wa maluwa uja ndinadana nawo asanabzalemo ndi duwa limodzi lomwe, ndipo sindibisa. Anthu a kuno ku Bowe ankati Agnesi ndi wansanje, Agnesi safuna chitukuko. Anene. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Akuti kunja kwa dziko lino kuli mkulu wina wachuma amene mkazi wake anamwalira. Mayiyo ankakonda mitengo, ndiye mwamuna wake anapereka thandizo loti kuno kukhale munda wa mitengo yachilengedwe ndi maluwa, wolowamo aliyense, ana asukulu aziphunziramo mayina a mitengo. Bungwe lomwe linalandira thandizolo linatitumizira mtsikana wina dzina lake Wezzie, wa nsapato zoyera ngati kuno kulibe fumbi. Anayenda mapiri onse mpaka mbali ya ku Ntchisi, n'kupeza ali mbee, mitengo inathera ku zigafa za fodya. Pobiriwira panatsala pamodzi pokha, kuseri kwa phiri lathu, pa misuku.

Wezzie anafunsa komiti ya m'mudzi muno ngati kumeneko kuli manda. Komitiyo inali ya amuna okhaokha, wapampando wake a Stephano, munthu woti akavala jekete amaiwala ndi moni yemwe. Anadziguguda pachifuwa: "Manda athu ali kumunsi kwa tchalitchi. Uko kulibe kanthu, ndi masuku basi."

Sananame. Sankadziwa, chifukwa mwamuna sauzidwa.

Kwathu kuno mwana akabadwa wakufa kale timamutcha mtayo. Sapita kumanda, saliridwa maliro, sapatsidwa dzina. Azimayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika pansi pa msuku, dzenje lake losazama. Malowo sitiwatchula pamaso pa amuna, ndipo wowatchula amati wavula azimayi anzake. N'chifukwa chake misuku ija inapulumuka nkhwangwa. Amuna ankangoti timakakamira zipatso.

Wanga ali pansi pa msuku wa mphanda ziwiri. Nthawi imeneyo panali patapita zaka khumi ndi chimodzi. Anandilozera malowo ndi malemu azakhali anga, nditachira.

Tsiku lina ndikuchokera kotola nkhuni ndinapeza zikhomo zinayi ndi chingwe pansi pa msuku womwewo. Akuti pamenepo pamangidwa mwala wa chikumbutso, wolembedwa dzina la mayi wakunja uja, poti mpamene pali mthunzi wabwino. Wakufa wa eni ake, amene sanapondepo kuno ku Dowa, adzakhale ndi dzina lake pamwala, pamwamba pa wanga wopanda dzina!

Ndinazula zikhomozo n'kuziponya kuchigwembe. Anakhoma zina, ndinazulanso. Kachitatu anandigwira a Stephano.

"Mayi inu, ufiti wake ndi wotani umenewu? Thandizo likabwerera mutidyetsa ndinu?"

"Sunthani mwalawo basi. Pali chiswe pamenepa."

"Chiswe! Munayamba liti umisiri?"

Ndinapita kwa azimayi anzanga, poganiza kuti tiyankhulira limodzi. Anayang'ana pansi onse. Awo ali m'misuku ya m'mphepete, momwe simukumbidwa kanthu. Wina anachita kundiuza m'maso muli gwa kuti, "Mtayo si munthu, Agnesi. Usatichititse manyazi." Ndinamuyang'ana n'kumeza mawu, chifukwa akanatuluka tikanakathera kubwalo la milandu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye chondipweteka koposa: ganyu yokumba maziko a mwalawo anaipereka kwa Kalebe, mwamuna wanga. Anabwera kunyumba akuimba mluzu, piki yatsopano ili paphewa. Ndinamuuza kuti akane. Anaseka.

"Mayi a Roza, mwandichititsa kale manyazi mokwanira. Amuna anzanga akuti pakhomo panga tambala ndinu."

M'mawa mwake ndinamutsatira. Kuphiri kunali anthu, amuna a komiti, azimayi onyamula timachubu ta mbande, ndi Wezzie ali ndi foni yake m'manja kuti ajambule ntchito ikuyamba, wachuma uja akaone. Ndinadutsa pakati pawo, kulumpha chingwe, n'kukhala pansi pakati pa zikhomo, miyendo tambalale.

"Amayi, chonde," anatero Wezzie, "mundawu ndi wanu womwe. Tangonenani vuto lanu."

"Wanga? Munandifunsa ine? Munafunsa majekete awa."

"Mukokeni!" anakuwa a Stephano. "Kalebe, mkazi ndi wako uyu!"

Kalebe nkhope inachita kuda ndi ukali. Sanandikoke. Anangoima pambali panga, kulavulira m'manja, n'kumenya piki pafupi ndi mwendo wanga, dala, kuti ndithawe. Dothi linandithovukira pachitenje. Anamenyanso kachiwiri. Ine ndikudziwa kuti dzenje lija silinafike ndi m'bondo momwe. Atakweza kachitatu ndinagwira mpini.

"Bambo a Roza, mukukumba mwana wanu."

Kumbuyo kwanga ndinamva azimayi akutsonya, wina akuti, "Watiyalutsa." Anatula mbande zawo n'kuyamba kutsika phiri, osandicheukira. Wezzie anatsitsa foni yake pang'onopang'ono.

Kalebe anayang'ana piki, n'kuyang'ana dothi lofiira lomwe anatembenuza. Chaka chija iye anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Atabwera anangouzidwa kuti ulendo wanga wa kuchikuta sunayende bwino, ndipo sanafunse kanthu, poti mwamuna safunsa. Ine ndinamusungira chakukhosi zaka zonsezi chifukwa chosafunsako, ngakhale ndikudziwa kuti akanafunsa sindikanamuyankha.

Anaponya piki kutali. Anagwada n'kuyamba kubwezera dothi ndi manja, kulisalaza bwinobwino ngati akufotsera nazale ya fodya.

"Kalebe, ntchito ndiye yatha kwa iwe," anatero a Stephano, koma mawu ake anali opanda mafupa.

"Ithe," anayankha osadzutsa mutu. "Wokumba pano ayambe wakumba ine."

Wezzie anazula yekha zikhomo zinayi zija, nsapato zake zitafiira. Mwalawo anakaumanga kuchipata, padzuwa, ndipo ulipo mpaka lero. Ndimaudutsa osauwerenga. Azimayi a m'mudzi muno sandiitananso kukakhala chinamwali kapena chikuta, ndipo kumjigo ndikafika nkhani zimatha. Sindinawapepese, ndipo sindidzawapepesa.

Koma tsiku lija anthu onse atatsika, tinatsala awiri pansi pa msuku. Kalebe anali chigwadire, manja ali padothi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana:

"Mayi a Roza, anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamwamuna," ndinatero. "Anali ndi makutu anu."

Pamenepo mpamene tinamulira, patapita zaka khumi ndi chimodzi.