Mbande ya a Reinford

Tandiyankhani inu a sukulu: nthambi ziwiri zadulidwa patsinde limodzi la tiyi, zabzalidwa mzere umodzi. Ina masamba mbwee, inayo yangonyentchera. Walakwa ndani? Musafulumire, funsoli linawameretsa imvi a Teleza.

Mapasa awo, Tione ndi Eneless, ankafanana moti mayi awo omwe nthawi zina ankakalipira wosalakwa. Koma khunyu linagwira Eneless yekha. A Teleza anatopa. Tsiku lonse dengu la tiyi kumsana, poweruka kuthamangira mapiritsi ku Luchenza, pophika diso lili pa mwana kuti angagwere pamoto.

Anesi, a Martha, anawafotokozerapo.

"Mayi, ulusi wa chibadwa wa ana anuwa ndi umodzi. Koma m'thupimu ulusiwo umakulungidwa pa timipukutu, ndipo muli tinthu tina tomanga, tina tomasula. Pamene pathina kwambiri, thupi silitha kuwerenga malangizo ake. Mwina muubongo wa Eneless munakulungika mosiyana. Madokotala akufufuzabe."

A Teleza anangoti eya. Kumva anamva, koma msana sunaleke kuwawa.

Kenaka Goodson wa kufakitale anafunsira Tione. Tsiku lokambirana za chinkhoswe kunabwera mnyamatayo ndi mayi ake, komanso amalume ake, a Reinford, kapitawo wakale wa kunazale, jekete ili pathupi dzuwa likuswa mtengo.

"Ukwati uwu ndili ndi mantha nawo," anatero a Reinford asanakhale n'komwe. "Banja lino muli khunyu. Ine ndakalamba ndikusankha mbande. Yodwala ndimaizindikira ili patali, ngakhale kuli chifunga!"

Khunyu linawalanda tulo a Teleza, lero lifuna kulandanso banja la mwana amene sanagwepo n'kamodzi komwe. Mphamvu zokangana analibe.

"Chabwino bambo," anatero motsitsa. "Atsikanawo ndi awa. Tisankhireni."

Mapasa aja anagwada pamphasa, zitenje zofanana. A Reinford anavala magalasi, n'kuwazungulira manja kumbuyo ngati akuyendera nazale. Anaima pa Tione, n'kupukusa mutu.

"Wodwala ndi uyu. Taonani maso akewa, ofooka."

Anatembenukira kwa Eneless, nkhope n'kuwala.

"Koma uyu, eee! Mbande ya giredi wani! Uyu ndavomera ndine. Goodson, mkazi wako nayu, tenga."

Eneless anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo amalume. Koma mundidikire kaye, ndikamwe mapiritsi anga."

Kunali phwete! Mayi ake a Goodson anachita kugwira m'mimba, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, vulani magalasiwo, mwina ndi amene akudwala! Tione bwera kuno mwanawe, tipangane tsiku."

A Teleza anayesa kubisa pakamwa ndi chitenje, koma zinakanika. Anaseka mpaka msana uja kuwakumbutsa kuti ulipo. A Reinford ankangopukuta magalasi awo ndi jekete, amvekere chifunga chachuluka lero.