Matayala Amene Anapha a Lameck

Lawson anagula njinga yamoto kwa mlamu wake amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Sinali ngati za akabaza zija zonyamula matumba a usipa ayi. Kanali kanjinga kofiira, kowerama kutsogolo ngati galu wonunkhiza mbewa, ndipo wokwera ankachita kugonera pathanki. Ntchito ya Lawson inali yoika magetsi a dzuwa m'nyumba za anthu ndi m'maloji a ku Senga Bay, koma mtima wake wonse unali pakanjingako. M'mawa ankayamba wakapukuta kaye iye asanasambe.

Patatha chaka matayala anatha. Woyamba kuona anali mkazi wake, Gladys.

"Bambo a Hope, tayala lakumbuyoli layamba kuonetsa ulusi," anatero. "Kodi mukudikira kuti liphulike ine ndili pambuyo?"

Lawson sanali munthu wogula chinthu mwachisawawa. Masabata awiri anakhala akufufuza pafoni, ndipo m'menemo ndi m'mene anaonera anthu a mpikisano akunja. Akamakhota pakona ankapendekeka mpaka bondo kukhula pansi. Matayala awo anali onenepa, osalala, a timizere tiwiri titatu basi. Lawson anawaona, mtima unagwa pomwepo.

Akabaza a pasiteji anamulangiza kuti agule a mano akuluakulu, oluma dothi.

"Inu, mungamuveke mkwatibwi majombo a kumunda?" anawayankha, n'kuwasiya akuseka.

Anapita ku Salima, kusitolo ya a Mohamed, bambo wa ndevu zotuwa amene anakalambira m'matayala. A Mohamed anatulutsa matayala atatu n'kuwasanja pakauntala.

"Ili ndi la phula lokha. Ili ndi la matope ndi mchenga. Ili lapakatili lili ngati mbuzi, limadya chilichonse. Mumayenda misewu yotani, achimwene?"

"Phula lokhalokha," anatero Lawson, dzanja lili kale patayala losalala lija.

"Phulalo limafika pakhomo panu?"

"Pafupifupi."

A Mohamed anayang'ana nsapato za Lawson, zomwe zinali mbuu ndi mchenga, kenako anamuyang'ana kumaso. "Walahi, njinga ndi yanu," anatero, n'kuuza amakaniko kuti amange.

Zoona zake zinali zakuti kuchokera pamsewu wa phula kukafika kunyumba kwa Lawson panali kanjira ka mchenga wokhawokha, kotalika ndithu, komwe ngakhale ng'ombe zokoka ngolo zinkafika zikupuma ndi pakamwa.

Ulendo wobwerera unali wokoma zosaneneka. Kanjinga kanamata pamsewu ngati kapakidwa ulimbo. Pakona ina Lawson anapendekeka pang'ono, natulutsa bondo. Silinafike pansi, koma iye anakhulupirira kuti panangotsala pang'ono. Anadutsa pasiteji ya akabaza akuliza huta.

Kenako anakhotera mumchenga. Matayala akale aja, ngakhale anali atatha pakati, m'mbali anali ndi mano otsala ndipo njirayo ankaidziwa. Atsopanowa anali alendo. Lakutsogolo linalowera kumanzere, lakumbuyo linasankha kumanja, ndipo Lawson anapezeka ali chagada, m'kamwa muli mchenga. Anadzuka msanga n'kuyang'ana uku ndi uku. Mboni inali imodzi yokha, mbuzi, ndipo inkangotafuna. Anayesanso, anagwanso. Kachitatu sanayese. Anazimitsa injini n'kuyamba kukankha.

"Yawonongeka?" anafunsa Gladys atamuona akufika thukuta lili kamukamu.

"Ayi. Matayala atsopano safuna kuwapanikiza. Amayenera azolowere kaye."

Gladys anayang'ana mchenga umene unali m'khutu mwa mwamuna wake.

Masiku anayi Lawson anabisa bwino nkhaniyi. Ankanyamuka anthu asanachuluke m'njira, n'kukankha mpaka paphula, ndipo pobwera akaona munthu ankaima n'kumachita ngati akuyankha foni. Koma Loweruka ntchito inatha msanga ku Khombedza, ndipo anafika pamchenga paja dzuwa lili paliwombo, nthawi imene anthu amachokera kumsika.

Kunatentha kwambiri. Anavula helemeti n'kuikoleka pahandulo. Ankakankha ataweramitsa mutu, pang'onopang'ono, nkhope ili yakugwa chifukwa cha kutopa. Njirayo inkadutsa pakhomo pa a Lameck, bambo wachikulire amene kale ankayendetsa malole, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti akhala akudwala miyendo mwezi wathunthu. Tsoka lake, m'mawa womwewo munthu wina anali atasadza mtengo wa mango wa pakhomopo, moti nthambi zingapo za masamba aawisi zinali gonegone m'njira.

Kumbuyo kwa Lawson kunkabwera wakabaza wina dzina lake Happy. Iye anaona masamba m'njira, anaona munthu wazimitsa njinga, wavula chipewa, wazolika. Sanafunikire kuuzidwa. Anatsika panjinga yake, anatsitsa kasitomala, navula kapusi. Wobwera pambuyo pake anachitanso chimodzimodzi. Amayi osenza mabeseni a nsomba anasiya kuseka. Lawson atacheuka anapeza njinga zisanu ndi ziwiri zili pamzere, eni ake akukankha mwakachetechete, ndipo mumtima anati: ahaa, kani mchengawu ukuvuta aliyense.

Happy anasendera pafupi n'kunong'ona. "Pepani achimwene. Zavuta eti?"

Lawson anaona kuti kubisa kwatha. "Zavutadi," anausa moyo.

"Ife timaona ngati alimba."

"Inenso ndimaona choncho. M'mawa womwewu anali abwinobwino. Koma pano, basi, sakugwiranso."

"Ambuye awalandire," anatero Happy, n'kupukusa mutu.

Lawson anadabwa kuti wakabaza angawamvere chisoni chotere matayala a mnzake, koma mpweya wofunsira analibe. Mawu aja anayenda chobwerera m'mbuyo pamzere wonse. Atafika kwa mayi wina dzina lake Nancy, amene anali mdzukulu wa a Lameck, beseni linagwa, utaka unamwazika mumchenga, ndipo kulira kunayambika.

"Agogo ine! Agogo mwandisiyira yani ine!"

Anthu anakhamukira pakhomo paja. Ena anatuluka m'nyumba zoyandikana akumanga zitenje. Amuna anayamba kukhala pansi pamtengo wa mango. Apa ndi pamene Lawson anazindikira kuti anthuwa akulira maliro a a Lameck. Anafuna kuthawa, koma munthu sathawa mumchenga ndi njinga yokankha.

Kuseri kwa nyumba kunatulukira a Lameck, ndodo kudzanja lamanja, chinangwa chootcha kumanzere, akutafuna.

"Kodi wamwalira ndani?" anafunsa.

Kulira kunaduka ngati wailesi yothera batire. Amayi awiri anathawira kuseri kwa nkhokwe. Nancy, misozi ili chuchuchu, anayankha ndi mawu onjenjemera: "Inuyo, agogo."

"Ine? Liti?"

Nkhani inayamba kulondoledwa kumene inachokera. Nancy analoza mayi mnzake, mayiyo analoza wakabaza, wakabaza analoza Happy, ndipo Happy analoza Lawson ndi manja onse awiri.

"Awa ndi amene anandiuza kuti m'mawa munali abwinobwino koma pano simukugwiranso!"

"Ndimanena matayala," anatero Lawson motsitsa mawu.

"Kweza mawu, mwana iwe. Akufa sitimva bwino," anatero a Lameck.

"Ndimanena matayala, bambo! Ndinagula a phula. Mumchenga sagwira. Sabata yonseyi ndakhala ndikukankha."

Wakabaza wina anaphulika ndi phwete, ndipo bwalo lonse linatsatira. Nancy ankaseka uku akulirabe. Nthawi yomweyo Gladys anafika, mpango kumutu, kambale ka ufa wa pamaliro m'manja. Anamva mawu omaliza a mwamuna wake, anaika kambale pansi, nagwira m'chiuno.

"Ndiye kuzolowera kuja n'kumeneku, bambo a Hope?"

A Lameck okha ndi amene sankaseka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka panjinga paja, anawerama movutikira, nasisita tayala ndi chala chachikulu.

"Tayala labwino kwambiri ili," anatero. "Koma si la kuno. Ine ndayendetsa lole zaka makumi atatu, ndipo tayala sindinalisankhirepo msewu wa kwa eni. Umayang'ana pomwe umagona." Anawongoka n'kumuloza Lawson ndi chinangwa chija. "Tsono wandipha masana ano anthu akuona. Uthenga pano wafika kale kugombe. Undidzutse wekha. Lachinayi ndili ndi tsiku kuchipatala. Udzandinyamule pakanthu kakoka, tikadutse pamsika, aliyense akandione."

Lolemba Lawson anabwerera ku Salima, ulendo uno ndi Gladys. A Mohamed anali atamva kale zonse kwa akabaza, koma anachita ngati sakudziwa. Anasanjanso matayala atatu aja pakauntala.

"Mumayenda misewu yotani, achimwene?"

Lawson anatsegula pakamwa, koma Gladys anamutsogolera. "Mchenga m'mawa, mchenga madzulo. Phula pakatikati. Dzinja matope a ku Chinguluwe, kumene kuli mayi anga."

A Mohamed anakankhira kutsogolo tayala lapakati lija. Lawson analiyang'ana ngati mankhwala owawa. Linalibe kukongola kwa losalala lija, koma mano ake sanali oipa kwenikweni, ndipo pobwerera linadutsa mchenga wonse mpaka pakhomo, Gladys ali pambuyo, osatsitsa phazi ngakhale kamodzi.

Lachinayi a Lameck anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anthu atatu anathandizana kuwakweza pakampando kakumbuyo, ndodo anaipingasa pamiyendo, ndipo ulendo unayambika. Pamsika anamulamula Lawson kuti achepetse liwiro ndi kuliza huta. Iwo ankakweza dzanja uku ndi uku ngati phungu.

"Ndilipo! Mwandiona? Ndilipo!"

Atatuluka mumsika anamugogoda Lawson paphewa. "Bwerera. Amayi a usipa aja anali atayang'ana kumbali."

Anazungulira katatu. Kuchipatala anafika mochedwa, napeza mzere wafika panja, ndipo Lawson anakhala nawo pabenchi mpaka masana, a Lameck akufotokozera aliyense wokhala pafupi za tsiku limene anamwalira.